Mwana wanga akufuna mabuku a fantasy: ndimuyambitse ndi liti?

Funso: Ndine mayi wa ku Zomba. Mwana wanga wamkazi wa zaka 14, yemwe ali Fomu 2, wakhala akundiumiriza kuti ndimupezere mabuku a fantasy omwe anzake amakambirana kusukulu. Ine ndinakulira mabuku a pasilabasi okhaokha, ndiye poyambira pandisowa. Chingerezi chake n'chapakatikati. Komanso ndisabise, mtima wanga uli m'mwamba chifukwa ndamva kuti mabukuwa ndi odzaza ndi zaufiti. Kodi ndimulole? Ngati n'koyenera, ndimugulire liti poyamba?

Yankho: Muloleni, mayi. Mwana wa zaka 14 amene akupempha buku yekha, popanda mphunzitsi womukakamiza, ndi woti mumuthandize msanga, chifukwa chidwi chotere chikasowa chochigwira chimazirala ndipo foni imatenga malo. Koma kulola sikutanthauza kugula buku lililonse lomwe pachikuto pake ajambulapo chinjoka ndi lupanga. M'gulu limeneli muli mabuku abwino zedi, muli achabechabe, mulinso ena omwe si a msinkhu wake ngakhale ogulitsa amawaika mulu umodzi ndi a ana. Buku loyamba ndi limene limagamula mlandu. Likamukomera adzafuna lachiwiri musanamufunse. Likamulemera adzangoti kuwerenga si mbali yake, ndipo kumubwezanso kumakhala kovuta.

Fantasy ndi nkhani yopeka yomwe mlembi amaikamo dala zinthu zosatheka m'dziko lathu lino: munthu wolamula mphepo, chitseko chotulukira kudziko lina, milungu yakalekale ikuyenda m'misewu ya mumzinda. Kwa ife izi si zachilendo. Aliyense amene anakhalapo pansi madzulo n'kuyankha kuti "tili tonse" agogo atati "padangokhala" anamvapo za Kamdothi, mwana woumbidwa ndi dothi yemwe mayi ake ankamuchenjeza kuti athawe mvula. Palibe ankafunsa ngati dothi lingathe kuyenda. Tonse tinkadziwa lamulo la nthanoyo, loti mvula ikamupeza panja asungunuka, ndipo agogo akangotchula kuti mitambo yayamba kuda, mitima inkagunda. Mabuku omwe mwana wanu akufuna amayenda chimodzimodzi, kungoti nkhani yake imatenga masamba mazanamazana ndipo imalowa kwambiri m'maganizo mwa mpangankhani.

Zilembo za YA zomwe mudzazione pachikuto kapena pa intaneti ndi chizindikiro cha osindikiza mabuku a ku America ndi ku Britain, chosonyeza kuti bukulo analembera achinyamata a zaka 12 mpaka 18. Mpangankhani wamkulu amakhala wa msinkhu womwewo ndipo zonse timazionera m'maso mwake. Akuluakulu amakhalamo ndithu, koma zinthu zikafika povuta amapezeka kuti palibe, kapena alephera, kapena ndi iwowo amene anayambitsa vutolo, ndiye mwanayo ayenera kusankha yekha chochita. Kwa mtsikana wa Fomu 2, yemwe kuyambira m'mawa mpaka usiku amangouzidwa zochita, kukoma kwake kwagona pamenepo. Pansi pa YA pali gulu la ana a zaka 8 mpaka 12, lomwe amalitcha middle grade, ndipo musalinyoze chifukwa mabuku ambiri abwino oyambira ali m'menemo. Dziwaninso ichi: kafukufuku wa kampani ya Bowker mu 2012 anapeza kuti oposa theka la ogula mabuku a YA anali anthu a zaka 18 kupita m'tsogolo. Osindikiza amadziwa komwe kukuchokera ndalama zawo, choncho chizindikirocho pachokha si umboni woti buku ndi loyenera mwana wa zaka 14.

Tsopano za ufiti, poti ndi pamene pagona nkhawa yanu, ndipo si nkhawa yoti munthu aiseke. Kwathu kuno nkhani imeneyi ndi yolemera. Agogo okalamba akhala akumenyedwa, ena kuphedwa kumene, chifukwa chongolozedwa chala, ndipo ana ena athamangitsidwa pakhomo pa chifukwa chomwecho. Lamulo la mu 1911, lomwe likugwirabe ntchito m'Malawi, limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. Kholo lomwe lakulira pakati pa zoterezi likamva kuti m'buku muli sukulu ya amatsenga, n'zomveka kuti libwerere m'mbuyo.

Matsenga a m'mabukuwa ndi opangidwa ndi mlembi atakhala patebulo, monga momwe amapangira mayina a mizinda ndi mapu a dziko lomwe kulibe. Mawu ambiri amatsenga a m'mabuku a Harry Potter ndi Chilatini chongopotoza, ndipo palibe chomwe mwana angachite nawo kupatula kusewera ndi anzake. Awiri mwa alembi omwe anaika maziko a fantasy ya masiku ano anali Akhristu olimba. J.R.R. Tolkien anali Mkatolika kuyambira ali mwana, ndipo mnzake C.S. Lewis, yemwe anatulutsa mabuku 7 a Narnia pakati pa 1950 ndi 1956, ankadziwikanso polemba mabuku oteteza chikhulupiriro cha Chikhristu. M'buku loyamba la Narnia, The Lion, the Witch and the Wardrobe, mkango Aslan umadzipereka kufa m'malo mwa mnyamata wopereka abale ake, kenako umauka. Mwana aliyense wopita kutchalitchi amazindikira msanga komwe nkhaniyo ikuloza. Sindikunena kuti mabuku onse ndi otero. Alipo ena amdima, ndipo ngati buku lina chikumbumtima chanu chalikana mutaliona nokha, muuzeni mwanayo chifukwa chake n'kumupatsa lina. Chomwe ndikukupemphani n'chakuti musatsekere gulu lonse kunja chifukwa cha zomwe mwangomva.

Ine ndikafuna kudziwa ngati buku la mtundu umenewu lili ndi phindu, ndimayang'ana chinthu chimodzi: kodi mphamvu yomwe mpangankhani ali nayo ikumudyera chiyani? M'buku lofooka, mwana amapatsidwa mphamvu ulere, vuto lililonse amalithetsa pongotambasula dzanja, ndipo pofika tsamba lomaliza ali momwe analili poyamba. Buku lotere limatopetsa ndipo siliphunzitsa kanthu. M'buku lolembedwa bwino, mphamvu imakhala ndi malire ndi mtengo, wolakwitsa amalipira, ndipo chomwe chimapulumutsa anthu pamapeto ndi chisankho chowawa chomwe mwanayo wapanga. Muyeso umenewu umakuthandizani inunso pa nkhawa yanu ija, chifukwa buku losonyeza kuti mphamvu ili ndi mtengo silingamusiye mwana akusirira njira zachidule.

Chitsanzo chomwe ndimachikonda kwambiri ndi A Wizard of Earthsea, la Ursula K. Le Guin, lomwe linatuluka mu 1968 wosindikiza atamupempha kuti alembere ana okulirapo. Mnyamata wina woweta mbuzi pa chilumba cha Gont anaphunzira mawu angapo amphamvu kwa mchemwali wa malemu mayi ake. Adani atabwera kudzathira nkhondo mudzi wawo, iye anasonkhanitsa nkhungu n'kubisa mudzi wonse, koma ntchitoyo inamusiya ali chigonere, osalankhula, mpaka mkulu wina dzina lake Ogion anabwera kudzamuchiritsa. M'dziko limenelo chinthu chilichonse chili ndi dzina lake lenileni, ndipo wodziwa dzinalo amakhala ndi mphamvu pa chinthucho, choncho munthu amabisa dzina lake n'kuuza okhawo amene amawakhulupirira ndi moyo wake wonse. Ogion anamupatsa mnyamatayo dzina loti Ged n'kumutenga kuti akamuphunzitse. Koma kaphunzitsidwe kake kanali ka pang'onopang'ono. Ali paulendo mvula inkawagwera, ndipo Ogion, yemwe akanatha kuikankhira kwina ndi liwu limodzi, ankangoisiya kuti igwe, iye n'kubisala pansi pa mtengo. Ged zinamukwiyitsa, ndipo posakhalitsa anasankha kupita kusukulu yaikulu ya pa chilumba cha Roke komwe ankati akaphunzira msanga.

Kumeneko anali wanzeru kuposa anzake, ndipo ankadziwa zimenezo. Mnyamata wina wa kubanja lolemera atamunyoza, Ged anafuna kuonetsa kuti ndi ndani, n'kuitana mzimu wa munthu wakufa. Limodzi ndi mzimuwo munatuluka chithunzithunzi chakuda chopanda dzina chomwe chinamukhadzula nkhope, ndipo mkulu wa sukuluyo anataya moyo wake pofuna kumupulumutsa. Mbali yotsala ya bukuli ndi ya Ged akuthawa chinthu chomwe anachitulutsa yekha, mpaka tsiku lomwe Ogion anamuuza kuti atembenuke, iyeyo ndiye ayambe kuchisaka. Pali malo amodzi omwe amandikhudza nthawi zonse. Ged ali ndi zipsera, wataya chikhulupiriro mwa iye mwini, ndipo mnzake Vetch akuchoka pasukulupo. Potsanzikana, Vetch akumuuza dzina lake lenileni, kutanthauza kuti akuika moyo wake m'manja mwa munthu yemwe wangochita kumene cholakwa choopsa. Mwana wa zaka 14 amene anayamba wachitapo manyazi pamaso pa anzake amamvetsa mphatso imeneyi popanda womufotokozera. Onjezani kuti Ged ndi wakhungu lofiirira ndipo Vetch ndi wakuda, zomwe zinali zosowa m'mabuku otere a nthawi imeneyo. Mathero ake ndawasiya kuti akawapeze yekha.

Komabe, ngakhale ndalitamanda chonchi, musayambe ndi limeneli. Ndi lalifupi, koma Chingerezi chake n'chozama, ziganizo zake n'zazitali, ndipo zokambirana za apangankhani ndi zochepa. Mwati Chingerezi cha mwana wanu n'chapakatikati, ndipo apa ndi pamene makolo ambiri amaphonya: amagula buku lotchuka, lalikulu, lodula, mwana n'kulitsekera pa tsamba 20. Pali njira yosavuta yomwe aphunzitsi ndi ogwira ntchito m'malaibulale amagwiritsa ntchito. Mwanayo atsegule tsamba lapakati, awerenge, ndipo akapeza liwu lomwe sakulidziwa apinde chala chimodzi. Zala zisanu zikatha tsamba lisanathe, bukulo lidikire chaka chamawa. Akapinda ziwiri kapena zitatu, ndiye lakelo. Pamabuku a fantasy musawerengere mayina a anthu, malo ndi zilombo zomwe mlembi wapeka, chifukwa amenewo ndi achilendo kwa wowerenga aliyense, ngakhale wa ku London.

Musanagule kanthu, mufunseni mayina a mabuku omwe anzakewo akukambirana, chifukwa theka la chidwi chake ndi kufuna kulowa nawo m'macheza. Akapanda kutchula dzina, ine ndingayambe ndi The Lightning Thief, la Rick Riordan, la mu 2005. Riordan anali mphunzitsi, ndipo nkhaniyi anayamba kuisimba pogoneka mwana wake wamwamuna yemwe kuwerenga kunkamuvuta. Zimenezi zimaoneka m'kalembedwe kake. Mitu yake ndi yaifupi, uliwonse umathera pamalo poti sungagone usanatsegule wotsatira, ndipo wosimba ndi mnyamata wa zaka 12, Percy Jackson, yemwe zilembo zimamuvinira patsamba ndipo wachotsedwapo m'masukulu angapo. Percy amazindikira kuti bambo ake ndi Poseidon, mulungu wa nyanja wa m'nthano za Agiriki, ndipo akumunamizira kuti waba mphezi ya Zeus. Milungu imeneyi ndi ya m'nthano zakale zomwe ana amaphunzira m'masukulu a maiko ambiri. Chovuta chake n'chakuti nthabwala zina ndi za ana a ku America ndipo zidzamudutsa, koma nkhani imathamanga moti sadzaima. Mabuku 5 oyambirira a Percy Jackson anatuluka pakati pa 2005 ndi 2009.

Buku loyamba la Harry Potter, la mu 1997, nalonso ndi poyambira pabwino. Dziwani kuti mabuku 7 amenewa amakula limodzi ndi mwini nkhani, kuchokera pa zaka 11 mpaka 17. Loyamba linatuluka ku Britain ndi masamba 223, lachisanu lili ndi 766, ndipo kuyambira lachinayi imfa ndi nkhanza zimachuluka. The Lion, the Witch and the Wardrobe ndi lalifupi kwambiri ndipo mwina ndi limene lingakhazike mtima wanu pansi msanga, ngakhale mtsikana wa zaka 14 angalione ngati lachibwana pang'ono. The Hobbit, la Tolkien, la mu 1937, linasindikizidwa mwana wa zaka 10 wa mwini kampani, Rayner Unwin, ataliwerenga n'kulivomereza, ndipo mpaka lero ana amalikonda, koma mitu yoyambirira imayenda mwakachetechete. The Lord of the Rings, la Tolkien yemweyo, lisiyeni kaye.

Akamaliza limodzi kapena awiri mwa amenewa, mupezereni buku lomwe nkhani yake ikuchitikira ku Africa. Ndimalimbikira pamenepa chifukwa mwana wongowerenga za nyumba zachifumu ndi chipale chofewa amayamba kuganiza kuti zodabwitsa zimachitikira anthu akutali okhaokha. Nnedi Okorafor, wobadwira ku America kwa makolo a mtundu wa Igbo a ku Nigeria, anatulutsa Akata Witch mu 2011. Ku Nigeria kampani ya Cassava Republic inalisindikiza ndi mutu woti What Sunny Saw in the Flames, ndiye musagule kawiri poganiza kuti ndi mabuku osiyana. Sunny ndi mtsikana wa zaka 12 wakhungu lachialubino, wobadwira ku New York koma akukhala ku Nigeria. Amaudziwa mpira wamiyendo koma dzuwa limamuletsa kusewera masana, ndipo kusukulu amamusala. Usiku wina magetsi atazima, akuyang'ana lawi la kandulo, anaona masomphenya a kutha kwa dziko. Kudzera mwa anzake atatu, Orlu, Chichi ndi Sasha, anazindikira kuti ndi mmodzi wa anthu obisika okhala ndi mphamvu zamatsenga otchedwa Leopard People.

Chomwe chimandisangalatsa m'bukuli ndi ndalama za anthu amenewa, zotchedwa chittim. Munthu akaphunzira chinthu chatsopano, ndalamazo zimagwa zokha kuchokera m'mwamba n'kulira pamapazi pake, ndipo zamkuwa ndi zomwe zili zamtengo wapatali kuposa zagolide. Wolemera m'dziko limenelo ndi wodziwa zambiri, ndipo Sunny amayamba kumva kulira kwa chittim pa tsiku lomwe wachita mantha kwambiri. Koma bukuli muliwerenge inu poyamba, kapena muwerengere limodzi, pa zifukwa ziwiri. Mdani wa m'nkhaniyi ndi munthu woba ndi kupha ana pofuna mphamvu, zomwe kwathu kuno si nthano chabe. Chachiwiri, bukuli limalumikiza khungu la Sunny ndi luso lake lodabwitsa. Mlembi anafuna kumukweza, ndipo Sunny ndi munthu wathunthu, wamakani, wanzeru, wokonda mpira. Koma ife tikukhala m'dziko lomwe kuyambira chakumapeto kwa 2014 abale athu achialubino akhala akubedwa ndi kuphedwa chifukwa cha bodza loti matupi awo ali ndi mphamvu. Mwana wanu amve kuchokera pakamwa panu kuti za Sunny n'zopeka, ndipo mnzake wachialubino wa m'kalasi ndi mwana ngati iye, wosowa chipewa ndi mafuta oteteza khungu basi. Kukambirana kotere n'kumene kumachititsa kuti bukuli likhale laphindu kwa mwana wa kuno.

Lina lapafupi ndi kwathu ndi The Ear, the Eye and the Arm, la Nancy Farmer, la mu 1994. Mlembiyu anagwirapo ntchito ku Mozambique ndi ku Zimbabwe, ndipo nkhani yake ikuchitikira ku Harare m'chaka cha 2194, komwe ana atatu a mkulu wa asilikali athawa panyumba n'kubedwa. Muli makina a m'tsogolo komanso mizimu ya makolo ya Ashona, ndipo Chingerezi chake n'chofikirika.

Pali mabuku awiri otchuka a alembi ochokera m'mabanja a ku West Africa omwe ndingati adikire mpaka afike zaka 16. Children of Blood and Bone, la Tomi Adeyemi, la mu 2018, latsamira pa chikhulupiriro chakale cha Ayoruba ndipo limasimba za Zélie, yemwe anaona mayi ake akuphedwa ndi asilikali a mfumu. Lili ndi masamba oposa 500 ndipo muli malo ofotokoza kuzunzidwa kwa munthu mwatsatanetsatane. The Gilded Ones, la Namina Forna wobadwira ku Sierra Leone, la mu 2021, ndi la mtsikana wa zaka 16 yemwe magazi ake atuluka agolide pamwambo wa m'mudzi, akuluakulu n'kumuyesa chiwanda. Limanena zoona zokhudza momwe atsikana amaponderezedwera, koma magazi ndi ambiri. Ndiye pali ena oti muwakane ndithu pa msinkhu uno. A Court of Thorns and Roses, la Sarah J. Maas, linayamba kugulitsidwa mu 2015 ngati la achinyamata, koma pambuyo pake osindikiza analisamutsira ku gulu la akuluakulu chifukwa mabuku a m'ndandanda umenewu amafotokoza za kuchipinda poyera. Fourth Wing, la Rebecca Yarros, la mu 2023, ndi la akuluakulu chiyambire. Ndawatchula mayina chifukwa ndi omwe amatamandidwa kwambiri pa TikTok, zikuto zake n'zokongola, ndipo n'kutheka kuti ali m'gulu la omwe anzake akukambirana.

Kopeza mabuku ndi nkhani ina. Yambani ndi laibulale ya kusukulu kwake ndi nthambi ya National Library Service yomwe muli nayo pafupi, chifukwa kubwereka kumamupatsa mpata wolawa popanda inu kutaya ndalama. Kwa ogulitsa mabuku akale m'misika ndi m'mphepete mwa misewu mumapezeka zabwino pamtengo wotsika, koma muzitenga nthawi. Onani ngati masamba omaliza alipo, chifukwa ndi amene amayamba kuthothoka. Onani ngati bukulo ndi loyamba m'ndandanda wake, poti fantasy yambiri imabwera m'mabuku atatu, asanu kapena kuposerapo, ndipo mwana woyambira pa lachitatu amasokonezeka n'kuganiza kuti vuto ndi mutu wake. Mndandanda wake umalembedwa m'masamba oyambirira. Ngati muli ndi m'bale ku Johannesburg kapena ku Britain, mutumizireni mayina enieni a mabuku ndi alembi ake, chifukwa mukangoti "mabuku a ana" adzabweretsa zilizonse. Pa intaneti, Project Gutenberg ili ndi mabuku akale aulere komanso ovomerezeka, monga The Wonderful Wizard of Oz la mu 1900. Ma PDF omwe amazungulira pa WhatsApp nthawi zambiri ndi obedwa, mlembi sapezapo kanthu, ndipo inu simudziwa chomwe chalowa m'foni. Pa Wattpad aliyense amaikapo zomwe walemba popanda mkonzi, zabwino ndi zolaula zili pamodzi, choncho kumeneko asapite yekha.

Buku likafika m'nyumba, musalisandutse mayeso. Osamuuza kuti alembe chidule, osamufunsa mfundo zazikulu ngati kusukulu. Ingomufunsani pophika kuti, "Nanga mnyamata uja zamuthera bwanji?" ndipo mumvetsere akamafotokoza, ngakhale mayinawo akuzunguzeni mutu. Mwana akamasimba nkhani m'Chichewa yomwe waiwerenga m'Chingerezi, ndiye kuti waimvetsa, ndipo inu mumadziwiratu zomwe zili m'bukumo popanda kuchita ngati wapolisi. Asamaime pa liwu lililonse kuti atsegule dikishonale, chifukwa nkhani imafa. Liwu likabwera katatu akadalisowabe tanthauzo, pamenepo ayang'ane. Mulolenso kusiya buku lomwe wafika nalo masamba 50 osakomedwa, atenge lina. Poti ali m'kalasi la mayeso a JCE, gwirizanani nthawi: akamaliza za kusukulu madzulo, kapena Loweruka masana. Musachite mantha kuti akutaya nthawi, chifukwa mwana wowerenga masamba mazana mwa kufuna kwake amazolowera kamangidwe ka ziganizo, ndipo zimenezi zimaonekera pa chimangirizo chake ndiponso pa kamvedwe ka mafunso a maphunziro ena onse omwe amafunsidwa m'Chingerezi. Koma nyali muziyang'anira, poti mabuku ena salola munthu kugona.

Ana ambiri okonda mabukuwa amafika poti nawonso akufuna kulemba. Zikadzatero, mugulireni kope ndipo mumukumbutse kuti akukhala m'munsi mwa phiri lomwe lili ndi nkhani zake. Mu Disembala 1946 madzi ndi miyala zinatsika m'phiri la Zomba n'kuwononga kwambiri, ndipo anthu anati wadutsa ndi Napolo, chinjoka chokhala pansi pa phiri chomwe chimasamuka kupita kunyanja. Malemu Steve Chimombo, yemwe ankaphunzitsa ku Chancellor College komweko, analemba ndakatulo zambiri pa Napolo. Kuli Sapitwa pamwamba pa Mulanje, kuli Kaphirintiwa komwe makolo ankati anthu oyamba anasiya mapazi pathanthwe, kuli Mbona ku Khulubvi m'boma la Nsanje. Shadreck Chikoti, ndi buku lake la Azotus the Kingdom, anaonetsa kuti Mmalawi akhoza kupeka dziko lakelake n'kulisindikiza. Mwana wanu akafunse agogo ake momwe iwo anamvera nkhanizi, ndipo pa zinthu zomwe eni ake amazisunga mwachinsinsi, monga za kudambwe, aphunzire kupempha ndi kulemekeza malire. Mabuku aatali a mtundu umenewu olembera achinyamata m'Chichewa ndi osowa kwambiri, choncho ngati nkhaniyo ikumubwerera m'Chichewa, musamuuze kuti aisinthire m'Chingerezi.